"Ndili bwino" wa msilikali

Pali bodza lina lomwe msilikali aliyense amalidziwa popanda womuphunzitsa. Ku tireningi amakuphunzitsa kumasula mfuti nkuimanganso utatsinzina, kukwawa chafufumimba, kukumba dzenje lobisalamo mpaka manja kuchita matuza, koma palibe sajeni yemwe amakuuza kuti tsiku lina udzagwira foni dzanja likunjenjemera ndi malungo nkumauza mkazi wako kuti "ndili bwino ine, musadandaule". Zimenezo zimangobwera zokha. Ine bodza limeneli ndinalinena pafupifupi tsiku lililonse kwa miyezi 11, nde chomwe chinandiwawa kwambiri nchoti kumeneko ndikunama choncho, nawonso kunyumba amandinamiza chimodzimodzi.

Anthu akamva kuti unapitako kunkhondo mafunso awo amakhala omwewomwewo, eti munaombera? munaona anthu akufa? simumaopa? Ndimayankha zomwe ndingathe. Koma kunena zoona, kuomberana kwenikweni mukakuphatikiza konse mwina sikungakwane olo masiku awiri pa miyezi yonseyo. Zina zonsezo kunali kudikira basi. Kudikira kuti kuche, kudikira lole ya madzi, kudikira kuti mvula ikate, kudikira lamulo loti tinyamuke lomwe likabwera pakutha pa ola limodzi amalisinthanso. Kudikirako nkomwe kumamudya munthu, chifukwa thupi lili mu tenti koma mutu uli kunyumba.

Ndiyambe ndi mapazi, poti palibe amene amafunsa za mapazi.

Kampu yathu inali pamalo otsika ndipo mvula ikayamba madzi onse amathera kwa ife. Matope ake anali omata aja oti ukaponda jombo imatsala mwendo nkutuluka wokha. Ukakhala masiku atatu osavula jombo, tsiku lomwe wavulalo umadabwa ngati mapaziwo ndi ako, oyera mbuu, okwinyika ngati manja a munthu amene wachapa tsiku lonse, pakati pa zala khungu likusupuka lokha, fungo lake losaneneka. Sapweteka pomwepo ayi, amachita dzanzi kaye, nde akayamba kutenthedwa mpamene umamva ngati wina akukubaya ndi masingano. Ndinali ndi masokosi mapeyala atatu. Onyowawo ndimawafinya nkuwaika pamimba mkati mwa malaya kuti aume ndi kutentha kwa thupi langa, mawa lake nkuvala, enawo nkulowanso pamimba. Mpaka lero ndikaona masokosi ouma atapindidwa bwinobwino mtima umakhala pansi, sindinama.

Nditabwerako ndinayamba kuwerenga kwambiri za nkhondo zakale, mwina pofuna kudziwa ngati ndinali ndekha wopepera. Ndinapeza kuti pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, asilikali omwe amakhala m'ngalande ku France ndi ku Belgium mapazi amawola ndithu mpaka ena kudulidwa zala kapena phazi lonse. Akuluakulu a asilikali a Britain anachita kulamula kuti anthu azisintha masokosi, azipaka mafuta a namgumi, ndipo amawaika awiriawiri kuti aliyense aziyang'anira mapazi a mnzake. Imeneyo inandikhudza, chifukwa munthu ukatopa umadzitaya wekha, koma mnzako sungamusiye. Ifenso timatero osadziwa kuti zinayamba kale. Panali mkulu wina mu tenti mwathu, wamkulu kwa tonse, madzulo aliwonse amati "anyamata vulani tione", ukakana amakuvula yekha.

Kenako m'mimba. Anthu ambirimbiri malo amodzi, zimbudzi zokumba mofulumira, ntchentche, madzi oti ukawathira mankhwala amanunkha koma ukapanda kuthira akugwetsa. Kutsegula m'mimba kukalowa mu kampu kumayenda tenti ndi tenti ngati moto wa kuthengo. Munthu wamphamvu zake amene amanyamula katundu wolemera osadandaula, masiku anayi okha maso alowa mkati, lamba akumanga pa bowo lomaliza. Chakudya cha m'zitini chija chimakoma sabata yoyamba yokha, kenako umangomeza kuti usagwe.

Zimenezi si zachilendo ayi. Pa nkhondo ya ku Crimea, namwino wa ku Britain Florence Nightingale atafika ku chipatala cha asilikali ku Scutari, m'dziko la Turkey, mu November 1854 ndi anamwino 38, anapeza kuti omwe akufa ndi kolera, kamwazi ndi matenda ena a uve ndi ochuluka kuposa omwe akufa ndi mabala. Ku America pa nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865, ya pakati pa kumpoto ndi kummwera, kunafa asilikali osachepera 620,000, ndipo mwa atatu aliwonse awiri anafa ndi matenda osati chipolopolo. Kamwazi ndi kutsegula m'mimba ndiye zinali patsogolo, komanso chikuku chimagwetsa anyamata ochokera kumidzi omwe anali asanadwalepo. Tangoganizani, mnyamata watsanzika makolo kuti akukamenya nkhondo, nkukafera mu tenti ndi chikuku mdani asanamuone nkomwe. Chakudya chawo chinali masikono ouma gwa oti pena umapezamo anankafumbwe, ena amadya kuli mdima dala kuti asaone.

Ku Burma pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, komwe kunalinso asilikali ambiri ochokera ku Africa monga aja a 11th East African Division omwe anadutsa m'chigwa cha Kabaw mvula ili mkati mu 1944, mdani wamkulu anali udzudzu. Mkulu wa asilikali kumeneko, William Slim, ananena kuti mu 1943 pa munthu mmodzi aliyense wochotsedwa kunkhondo chifukwa cha bala, panali 120 ochotsedwa chifukwa cha matenda. Mankhwala a malungo analipo, mepacrine, koma amachititsa khungu kukhala lachikasu ndipo kunabuka mphekesera yoti amapha mphamvu za abambo, nde anthu amawataya. Ena amaseka akamva zimenezi, ine sindiseka. Munthu amene akutaya mankhwala chifukwa cha mphekesera ngati imeneyo ndiye kuti akuganiza za tsiku lomwe adzabwerere kwa mkazi wake, akuopa kukafika ali munthu wina. Ali kutali choncho, zochita zake zikulamulidwabe ndi kunyumba.

Apa ndiye pali nkhani yanga yeniyeni.

Nthawi yoipa kwambiri pa kampu ndi gadi ya 2 koloko mpaka 4 m'bandakucha. Kuzizira, tulo, mdima woti chitsamba chilichonse chimaoneka ngati munthu wanyonyomala. Ola loyamba umakhala tcheru ndithu. Lachiwiri maganizo amayamba kulowa okha osagogoda. Ine ndinasiya mwana wa miyezi 7 ndi wina wa zaka 5, amayi anga ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo denga la chipinda cha ana limadontha pakona, ndinalonjeza kuti ndikonza ndisananyamuke koma sindinakonze. Mukhulupirire, denga limenelo linandisowetsa mtendere kuposa mabomba. Mvula ikamagwa pa tenti ine ndimaona beseni lili pakona paja, ndimaona mkazi wanga akudzuka usiku kukoka matiresi a ana. Ndili ndi mfuti m'manja, zipolopolo zodzadza, koma kanthu kakang'ono ngati kameneko sindingakachite.

Matenda amenewa ali ndi mbiri yake. Mu 1688 wophunzira za udotolo wina dzina lake Johannes Hofer analemba za anthu a ku Switzerland omwe amadwala kwenikweni akakhala kutali ndi kwawo, osadya, osagona, kumangofooka, ndipo ndi iye anapeka dzina loti nostalgia. Pa nkhondo ya ku America ija madokotala a mbali ya kumpoto analemba anthu oposa 5,000 kuti akudwala zimenezi, ena mpaka kufa. Lero tingati kupukwa, kapena tingapereke dzina lina la kuchipatala, koma ine ndinaziona ndi maso. Mnyamata wina amene timagona moyandikana anangosiya kuyankhula. Samadwala malungo, samatsegula m'mimba, amangokhala pa bedi kuyang'ana chithunzi pa foni yopanda netiweki mpaka batire kutha.

Kale zonse zinali pa makalata. Pa nkhondo yoyamba ija, positi ya asilikali a Britain imanyamula makalata pafupifupi 12 miliyoni pa sabata, amasankhidwira pa depoti yaikulu ku Regent's Park mu London, ndipo kalata imatha kufika ku ngalande m'masiku awiri kapena atatu. Boma silimachita zimenezi chifukwa cha chifundo chokha ayi, limadziwa kuti msilikali amene sakumva za kwawo samenya nkhondo. Koma makalata ochokera kunkhondo amayamba awerengedwa ndi bwana wako yemwe, amene umamuchitira sailuti mmawa uliwonse, nkufufuta zomwe sakufuna. Ungalembe bwanji kuti ndikuopa, kapena kuti ndakusowa usiku, ukudziwa kuti bwana awerenga? Mu 1915 anabweretsa envulopu yobiriwira yoti ulembemo za m'banja zokha ndipo bwana wako asaione, koma inali yosowa.

Nde panali kakhadi kena kosindikiziratu, komwe nditakaona pa intaneti ndinakhala chete nthawi yaitali. Pakakhadipo panali ziganizo zingapo zolembedwa kale, zonga ndili bwino, ndagonekedwa m'chipatala, ndalandira kalata yanu, kalata ikubwera. Iwe ntchito yako inali kufufuta zomwe sizikukukhudza nkusayina, ukawonjezera liwu olo limodzi kakhadiko amakataya. Chiganizo choyamba penipeni chinali chomwecho cha ndili bwino. Anthu miyandamiyanda anatumiza ndili bwino ameneyo ali m'matope ofika m'mawondo, nsabwe zili thoo m'misoko ya malaya, mnzawo atangomukwirira kumene. Ndipo mbali inayo nakonso kunali chimodzimodzi. Ku Germany nthawi ya chisanu cha 1916 mpaka 1917 anthu kumudzi anavutika ndi njala koopsa, koma azimayi amalangizidwa kuti asamalembe makalata odandaula kwa amuna awo kuopa kuwafooketsa. Uyu akubisa, uyo akubisa, aliyense akuti akuteteza mnzake.

Ife tinali ndi mafoni, nde mungaganize kuti zinali bwino. Pena inde. Kuseri kwa kampu kunali kachulu komwe netiweki imagwira kadontho kamodzi ukaimika foni m'mwamba, ndipo madzulo pamakhala anthu ngati pamsika, aliyense watembenukira kwake, chala chili m'khutu linalo. Kutchaja kunali kolimbirana pa jenereta. Ukapeza mphindi zitatu umayamika. Zokamba zathu zinali zomwezomwezo.

"Muli bwanji kumeneko abambo?"

"Ndili bwino, kaya inu ndi ana?"

"Tonse tili bwino. Mukudya koma?"

"Tikudya kwambiri, mpaka ndanenepa."

Tsiku lomwe ndinanena kuti ndanenepalo ndinali nditangodzuka pa malungo a masiku asanu, buluku likugwa. Ndipo sabata imeneyo tinali titataya mnzathu pa msewu wokatunga madzi, munthu amene mmawa wake anandibwereka lezala. Ndinafuna kunena, mawu anafika pakhosi penipeni, koma ndinamva mwana akulira chapatali pa foniyo nde ndinangoti "mumupsompsone m'malo mwanga". Ndinatsika pa kachulu kaja miyendo ikulemera.

Zinaululika mwangozi. Mwezi wachisanu ndi chitatu ndinaimbira mlamu wanga za nkhani ina, iye osadziwa kuti sindikudziwa anangoti "koma alamu Mulungu ngwamkulu, mmene analili mwana uja m'chipatala muja sitimayembekeza". Ndinamva ngati wina wandithira madzi ozizira kumsana. Ndinati chipatala chiti, liti? Anayamba kuchita chibwibwi. Kunapezeka kuti wamng'ono uja anagonekedwa masiku 6 ndi chibayo, anamuika pa mpweya, mkazi wanga amagona pansi pafupi ndi bedi, ndipo masiku onsewo ndimaimba iye amathamangira panja pa wodi kuti ndisamve phokoso la m'chipatala nkumandiuza kuti tonse tili bwino. Kulira komwe ndinamva tsiku lija sikunali kwa kunyumba.

Ndinakwiya, sindibisa. Usiku umenewo ndinamuimbira nkumukalipira, ndinati mwana ndi wanganso, mukanandiuza. Anandisiya ndimalize. Kenako anati, mofatsa, "Ndikanakuuzani mukanatani abambo? Mukanabwera? Kapena mukanapita ku gadi mutu uli kuno nkukaphedwa?" Ndinasowa choyankha. Nde anawonjezera kuti "inuyo mwanenepadi?" Netiweki inaduka pomwepo, ndipo ndinakhala pa kachulu paja mpaka sajeni anachita kudzanditenga.

Ichi nchimene anthu sadziwa za foni. Kalata imafika nkhani itazizira, mwana anadwala ndipo anachira, umangopuma. Foni imakubweretsera moto uli lawilawi iwe uli kutali, manja ali omangika. Ndinaona munthu akulandira meseji yoti amayi ake amwalira ali pamzere wa chakudya, mbale ili m'manja. Tchuthi sichinatheke chifukwa msewu unali wotsekedwa, maliro anawaonera pa zithunzi zomwe zimatseguka theka. Mawa lake anavala jombo nkupita pa perete ngati wina aliyense. Ndinaonanso mabanja akutha chifukwa cha mphekesera, wina kumudzi walemba kuti akazi ako tawaona ndi uje, basi munthu osagona sabata yonse, alibe njira yofufuzira, ali ndi mfuti. Mabwana anzeru amamulanda kaye mfutiyo munthu wotero nkumupatsa ntchito ya kukhitchini.

Ndiye pali ndalama. Miyezi iwiri malipiro athu anachedwa, sinditchula kuti vuto linali pati, koma chomwe ndikudziwa nchoti mwini nyumba sadikira ndipo sukulu sidikira. Palibe chinthu chochotsa ulemu ngati kuima ndi yunifolomu kudziko la eni, anthu akukuona ngati ngwazi, pamene mkazi wako akuzungulira kwa abale kubwereka. Pa nkhondo ya ku America ija msilikali wamba wa kumpoto amalandira madola 13 pa mwezi, wa kummwera 11, ndipo kummwerako ndalama inatha mphamvu mpaka pa 2 April 1863 azimayi a mu Richmond anathyola masitolo kufuna chakudya. Asilikali ambiri a kummwera anathawa kunkhondo atalandira makalata oti ana akugona ndi njala. Mabuku ena amawatcha amantha. Ine sindivomereza kuthawa, chifukwa ukathawa dzenje lako amatseka ndi mnzako, koma mawu oti mantha ndimawakana. Munthu amene wapirira zaka ziwiri akuomberedwa nkudzathawa chifukwa cha kalata imodzi, chamuthawitsa si chipolopolo.

Nchifukwa chake ndimati amene amatumiza anthu kunkhondo aziwerengera banja la msilikali ngati mmene amawerengera zipolopolo ndi mafuta a galimoto. Malipiro afike pa tsiku lake, pakhale munthu weniweni amene mkazi kapena mwamuna wotsala kunyumba angamuimbire mwana akadwala usiku, pakhale njira yoti uthenga wa maliro uzifika kudzera kwa munthu osati pa meseji pamzere wa chakudya. Sizofuna ndalama zambiri poyerekeza ndi mtengo wa galimoto imodzi yankhondo. Ndipo ndikanena msilikali sindikunena abambo okha, tinali ndi azimayi omwe anasiya ana oyamwa, mmodzi amabisala kuseri kwa tenti kufinya mkaka nkutaya pansi sabata zoyambirira, akulira mwakachetechete. Ameneyo naye pa kachulu paja amati ndili bwino.

Funso lomwe ndimalimbana nalo mpaka pano ndi loti kodi tinalakwa kunamizana? Masiku ena ndimati ayi, bodza lija linatisunga, iye anatha kusamala mwana osasenzanso mantha anga, ine ndinatha kuima pa gadi. Masiku ena ndimaona mtengo wake. Nditabwerera tinakhala ngati alendo awiri aulemu m'nyumba imodzi. Iye anali ndi chaka chake chomwe ine sindikuchidziwa, ine ndinali ndi changa, ndipo tonse tinali titazolowera kuyankha mwachidule. Ndimadzuka 2 koloko usiku nkukhala pakhonde, iye amamva koma amanamizira kugona. Denga lija ndinapeza anakonzetsa kale ndi ndalama yobwereka, ndipo m'malo mothokoza ndinamva ngati andilanda kanthu.

Zinatenga miyezi. Usiku wina anandipeza pakhondepo atanyamula kathumba ka pulasitiki, momwe munali makadi a kuchipatala a mwana uja, nkuyamba kundiwerengera tsiku ndi tsiku, tsiku loyamba kutentha thupi kunali chonchi, lachitatu adokotala anati tiitane abale. Atamaliza anati "tsopano inu". Ndinamuuza za lezala ija. Sindinathe kunena zonse, mpaka lero zina sindinanene, koma ndinayamba.

Pano mng'ono wanga, mwana wa amalume, naye ali ku kampu kwinakwake, mwezi wachinayi. Amaimba Lamlungu netiweki ikalola. Sabata yatha ndinamva mvula ikumenya tenti kumbuyo kwake ndipo mawu ake anali olemera ngati munthu wa chimfine.

"Ndili bwino achimwene, osadandaula."

Ndinati chabwino ndamva, zimenezo ukawauze amayi ako. Ine undiuze, jombo wavula liti?

Anakhala chete kanthawi, mpaka ndinayang'ana foni kuona ngati yaduka. Kenako anati, "Lachinayi."